Mwajambula thanthwe lonse koma modelo ya 3D ikukana: poyambira kufufuza vuto

Dandaulo lake silisintha. Munthu wapita ku Cape Maclear kapena kuzitunda za ku Namwera, wajambula thanthwe zithunzi mazana angapo, wabwerera ku boma, waziika mu pulogalamu, kompyuta n'kuchezera usiku wonse. Kutacha, chimene chatuluka si thanthwe lija. Mwina ndi zidutswa ziwiri zosakumana, mwina khoma lopindika, mwina chinthu chokongola ndithu koma chogona chammbali, chosadziwika ngati n'chotalika mita imodzi kapena mamita 40. Ambiri akafika apa amayamba kusinthasintha ma settings, ena amasaka pulogalamu ina. Koma kawirikawiri pulogalamu imakhala ilibe mlandu. Vuto limabadwira kumwala konko, pa kompyuta limangodzaonekera.

Njirayi imatchedwa photogrammetry, ndipo mtundu wake umene ambirife tikugwiritsa ntchito ndi Structure from Motion. Kaya muli ndi Agisoft Metashape, Meshroom, COLMAP kapena RealityScan (imene kale inkatchedwa RealityCapture), kayendedwe kake n'kamodzi. Pulogalamu imayamba n'kusaka timalo tozindikirika pachithunzi chilichonse: kadontho kakuda m'mwala, pamene ming'alu yakumana, m'mphepete mwa ndere. Kenako imafunafuna timalo tomweto pazithunzi zina. Ikapeza tokwanira, imawerengetsera pamene kamera inali pojambula chithunzi chilichonse, kumene inaloza, ndi mmene lenzi yanu imapotozera zinthu. Apa mpamene mumaona timadontho tapatalipatali ndi timakona toimira makamera. Zonse zobwera pambuyo, point cloud yodzaza (mtambo wa timadontho tothithikana), mesh (chikopa cholumikiza timadonthoto) ndi utoto wa pamwamba pake, zimatsamira pa chiwerengetso choyambachi.

Ndiye kuti pulogalamu ikufuna zinthu zitatu kwa inu. Malo aliwonse a mwala aoneke pazithunzi zosachepera 3 zojambulidwa mutaima posiyana. Mwala ndi zouzungulira zisasunthe kapena kusintha maonekedwe mukujambula. Lenzi ikhale yomweyo kuyambira chithunzi choyamba mpaka chomaliza. Mukafufuza bwino, pafupifupi vuto lililonse limakafika pa chimodzi mwa zitatuzi.

Musanayambe kudikira usiku wonse

Musamayendetse magawo onse nthawi imodzi. Mu Metashape chitani Align Photos yokha (gawo loyamba lija lolumikiza zithunzi, alignment) n'kuima. Mu Meshroom uzani pulogalamu ithere pa StructureFromMotion. Zikatha, zunguzani timadontho tija ndi kuyang'ana makamera. Kodi ayima mmene munayendera? Ngati munayenda m'mbali mwa msewu, makamera akhale pamzere wotsata msewu. Ngati munazungulira mwala, apange mkombero ndipo kamera yomaliza ikumane ndi yoyamba. Kamera imene ili m'kati mwa thanthwe, kapena m'mwamba mmene simunakweremo, ndi yabodza, ndipo ikasiyidwa idzaipitsa zonse zoyandikana nayo. Kuona zimenezi kumatenga mphindi zochepa. Point cloud yodzaza sikonza zimene zalakwika pano. Imangozikometsera kuti zisaoneke msanga.

Zithunzi zikukana kulumikizana

Chizindikiro chake mu Metashape ndi zilembo NA pambali pa dzina la chithunzi. Mu Meshroom mumaona kuti makamera amene apezeka ndi ochepa kuyerekeza ndi zithunzi zimene munaika. Nthawi zina zonse zimalumikizana koma m'magulu awiri osadziwana.

Yambani n'kudzifunsa mmene munayendera. Cholakwika chofala kwambiri ndi kuima malo amodzi n'kumatembenuza thupi, kujambula kumanzere, pakati, kumanja. Zithunzi zotere zimaoneka zolowana bwino, koma zilibe uthenga wa kuya, chifukwa kamera sinasunthe. Kutalikirana kwa zinthu kumadziwika pokhapokha malo amodzi akaonedwa kuchokera mbali ziwiri zosiyana. Pakati pa chithunzi ndi chinzake, mwendo usunthe. Ndipo chithunzi chatsopano chikhale ndi magawo awiri mwa atatu a zimene zinali m'chapitacho, kapena kuposerapo; mabuku a mapulogalamuwa amatchula 60 mpaka 80 peresenti.

Malo achiwiri pamene unyolo umadukira ndi pangodya. Munthu wajambula nkhope ya kummawa bwinobwino, wafika pamene thanthwe likukhota, wadumpha zitsamba, n'kuyambiranso nkhope ya kumpoto. Kwa inu ndi mwala umodzi. Kwa pulogalamu ndi miyala iwiri, popeza palibe chithunzi choonetsa nkhope zonse ziwiri pamodzi. Pokhota mpamene pamafunika zithunzi zambiri, ndipo kumene kamera yaloza kuzisintha pang'onopang'ono, madigiri 10 mpaka 15 pa chithunzi chilichonse. N'chimodzimodzinso poyandikira. Mukajambula muli pa mamita 30 kenako n'kulumphira pa mamita 2 kuti muonetse mtsempha wa mwala woyera, zithunzi zapafupizo zidzatayika. Yandikirani mukujambula: 30, 20, 12, 7, 4, 2.

Ngati mayendedwe anali bwino, funsani kuti zithunzizo zafika bwanji pa kompyuta. Izi zikuvutitsa anthu ambiri kuno, chifukwa wojambula amakhala ku Monkey Bay, mwini laputopu ali ku Zomba, ndipo zithunzi zimadutsa pa WhatsApp. Chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi pa WhatsApp chimachepetsedwa, ndipo EXIF, uthenga wobisika wonena mtundu wa kamera ndi focal length (nambala ya ma mm ya lenzi), imachotsedwa. Pulogalamu imayamba ntchito mongoganizira. Tumizani ngati Document, kapena kopani ndi chingwe, kapena perekani memory card yeniyeniyo. Musadule chithunzi, musachiwongole, musachipake filter chisanalowe mu pulogalamu.

Za lenzi. Zoom isakhudzidwe. Ngati muli ndi lenzi ya 18 mpaka 55 mm, sankhani mbali imodzi, monga 18 kapena 24, n'kuimata ndi tepi kuti isatembenuke. Mafoni a makamera atatu kumbuyo ali ndi khalidwe lina loipa: mukayandikira kwambiri, ena amasamukira okha ku lenzi ina osakuuzani. Mu Metashape tsegulani Tools, Camera Calibration. Mukapeza magulu anayi kapena asanu pamene munaganiza kuti kamera inali imodzi, ndiye kuti lenzi inkasintha. Gulu la zithunzi ziwiri kapena zitatu zokha silingawerengetseredwe bwino. Ndi bwino kulichotsa. Portrait mode ndi night mode zizimitsidwe, popeza zimasakaniza ndi kupeka zinthu zimene lenzi sinaone.

Zithunzi zachimbuuzi pafoni zimaoneka zabwino, mpaka mutazikulitsa pa sikirini yaikulu. Metashape ili ndi Estimate Image Quality, ndipo opanga ake amalangiza kuchotsa zithunzi zimene zapeza pansi pa 0.5. Pa kamera yeniyeni, f/8, ISO yotsika ndi shutter ya 1/250 kapena yofulumira kuposa apo zimakwanira masana. Pukutani lenzi. Fumbi la Okutobala ndi thukuta la chala zimaononga zithunzi zambiri kuposa kunjenjemera kwa dzanja.

Kenako pali dzuwa, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono. Pulogalamu siidziwa kuti uwu ndi mthunzi, uwu ndi mng'alu. M'mphepete mwa mthunzi imapezamo timalo tambiri tozindikirika, koma mthunzi umayenda. Mukajambula theka la thanthwe 8 koloko, n'kupuma, n'kudzamaliza 11 koloko, mwajambula miyala iwiri yosiyana maonekedwe. Tsiku la mitambo yophimba thambo lonse ndilo labwino koposa, koma ku Mangochi masiku otere si ambiri kunja kwa dzinja. Ndiye gwiritsani ntchito kayendedwe ka dzuwa. Tili pafupi ndi madigiri 14 kummwera kwa equator. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, moti nkhope yoimirira yoyang'ana kummwera imakhala mumthunzi wofanana tsiku lonse. Imeneyo ijambuleni nthawi iliyonse, bola dzuwa lisalowe m'lenzi. Chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni, ndipo kansonga kalikonse kamagwetsa mthunzi wakuda wautali pankhope ya thanthwe. Nkhope yoyang'ana kummawa ijambuleni madzulo italowa mumthunzi, yoyang'ana kumadzulo mmawa. Ndipo mukayamba musaime. Thanthwe limodzi lithe m'mphindi 20 kapena 30.

Pomaliza, mwala weniweniwo ukhoza kukhala wovuta. Granite wa m'mbali mwa nyanja ali ndi timadontho tokwanira, pulogalamu imamukonda. Koma pamene zitosi za mbalame zayeretsa mwala, monga pachilumba cha Boadzulu, dzuwa likawomba kamera imangoona kuyera kopanda kanthu. Chepetsani exposure mpaka malo oyerawo ayambe kuonetsa timizere. Mbali zakuda mukhoza kuziwalitsa pambuyo pake, makamaka ngati munajambula RAW, koma poyera popserera palibe chobweza.

Zimene mungapulumutse muli pa kompyuta ndi izi. Sankhani zithunzi zokanazo, chitani Reset Camera Alignment, kenako Align Selected Cameras. Kawirikawiri zina zimalowa ulendo wachiwiri. Zimitsani Reference preselection ngati zithunzi zili ndi GPS ya foni, chifukwa pathanthwe laling'ono GPS yolakwika ndi mamita angapo imasokoneza kusankha zithunzi zoyandikana. Mukhozanso kuzimitsa Generic preselection kuti chithunzi chilichonse chiyerekezedwe ndi zinzake zonse. Zimachedwa, koma zimagwira zambiri. Mu Meshroom kwezani Describer Density kufika pa high ndi kuwonjezera AKAZE, njira ina yosakira timalo tozindikirika, pa mitundu ya zozindikirira. Zonsezi zikakanika ndiye kuti zithunzi zolumikiza kulibe, ndipo palibe setting imene ingazipange.

Modelo yapindika ngati lichero

Ili ndiye vuto loopsa, chifukwa silichititsa manyazi. Zithunzi zonse zalumikizana, utoto wakongola, mwatumizira anzanu n'kukuyamikirani. Koma khoma limene kumsewu linali lowongoka, mu modelo lapindika: pakati patukuka, kumapeto kwabwerera m'mbuyo, kapena mosinthanitsa. Mukayamba kuyeza kupendekeka kwa ming'alu, ya pakati ikhoza kukhala yolondola pamene ya kumapeto yalakwika, ndipo mudzalemba mu lipoti kuti ming'alu ikukhota pamene yokhota ndi modelo yanu.

Chifukwa chake chinafotokozedwa bwino ndi Mike James ndi Stuart Robson mu 2014. Lenzi iliyonse imapotoza chithunzi pang'ono, makamaka m'mphepete. Pulogalamu imayesa kupeza kukula kwa kupotozako kuchokera m'zithunzi zomwezo. Koma zithunzi zonse zikajambulidwa kamera italoza mbali imodzi, pa mtunda umodzimodzi, masamu ake satha kusiyanitsa lenzi yopotoza ndi khoma lopindika. Kalakwidwe kakang'ono ka pa lenzi kamaunjikana kuchokera chithunzi china kupita china. Ndiye amene amapwetekeka kwambiri ndi munthu wosamala uja, woyenda mwadongosolo m'mbali mwa thanthwe lalitali lodulidwa ndi opanga msewu, monga pokwera ku Namwera, kamera italoza kutsogolo ndendende, sitepe, chithunzi, sitepe, chithunzi.

Kuti muone ngati zakuchitikirani, yang'anani timadontho kuchokera pamwamba, kenako kuchokera chammbali, n'kuyerekeza ndi chinthu chimene mukudziwa kuti n'chowongoka: ngalande ya simenti, mzere wa msewu, kapena chingwe chimene munakoka. Mzere wa makamera nawonso umaulula. Ngati munayenda pamalo athyathyathya koma makamera akukwera pakati n'kutsika kumapeto, modelo yapindika.

Mankhwala ake ali kumwala. Paliponse mwaima, jambulani katatu: kutsogolo, kenako mopendekera kumanzere ndi madigiri 20 kapena 30, kenako kumanja. Apa kutembenuka n'kololedwa chifukwa mukusunthanso. Yendani mzere wachiwiri muli patali, kuti chithunzi chimodzi chigwire gawo lalikulu la khoma. Zithunzi zina jambulani kamera itaimirira, zina itagona. Ngati mwala ndi wozungulirika, uzungulireni mpaka mudutse pamene munayambira. Zithunzi zoloza mosiyanasiyana zimakakamiza pulogalamu kupeza khalidwe lenileni la lenzi. Ndipo ngati muli ndi zizindikiro zoyezedwa (tizifotokoza kutsogoloku), zisakhale kumapeto kokha. Kupindika kumabisala pakati.

Pa zithunzi zimene zilipo kale, chimene chingathandize ndi kujambula ndi kamera yomweyo, pa focal length yomweyo, mwala wina waung'ono mouzungulira bwino, kusunga calibration (manambala a khalidwe la lenzi) imene yatuluka, n'kuigwiritsa ntchito ngati yokhazikika pa khoma lija. Zimayenda bwino ndi lenzi yosasinthasintha. Pa foni musadalire kwambiri.

Madzi, thambo, udzu ndi mabowo

Matanthwe okongola kwambiri a kuno ali m'madzi: Otter Point, Thumbi, Domwe, Mumbo. Madzi ndi mdani wa njirayi. Amayenda, amanyezimira, ndipo amaonetsa chithunzithunzi cha thanthwe chozondoka, chimene pulogalamu nthawi zina imachimanga ngati mwala wachiwiri pansi pa woyamba. Mukaona zinyalala zabuluu kapena zoyera zitamatirira kunsi ndi kumwamba kwa modelo, amenewo ndi madzi ndi thambo. Phimbani ndi mask musanachite alignment, ndipo pa Apply masks to sankhani Key points. N'zotopetsa, koma pa zithunzi za panyanja palibe njira yachidule. Zotsalira mukhoza kuzidula ndi lumo la mu CloudCompare, pulogalamu yaulere imene aliyense wochita ntchitoyi ayenera kukhala nayo.

Kujambula muli m'boti kumatheka, popeza kamera kusuntha si vuto. Vuto ndi chimbuuzi. Kwezani shutter kufika 1/1000, pemphani woyendetsa azimitse injini kapena ayende pang'onopang'ono, ndipo pitani mmamawa nyanja isanadzuke. M'miyezi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mafunde amanyowetsa mwala n'kuusiya, moti lamba wa m'munsi amasintha mtundu pa chithunzi chilichonse. Miyala imene ikuoneka pansi pa madzi oyera musaiyeze. Kuwala kumakhota potuluka m'madzi, ndipo pansi pamaoneka posaya kuposa mmene palili.

Udzu ndi masamba zimagwedezeka ndi mphepo, ndipo mu modelo zimasanduka zotupatupa zobiriwira. Nthawi yabwino ya matanthwe a kumtunda ndi Ogasiti mpaka Okutobala, mitengo itayoyola, udzu utauma kapena kupsa. Choipa chake ndi utsi wa lupsa ndi kuvinavina kwa mpweya wotentha, zimene zimaononga zithunzi zojambulidwa kuchokera kutali. Yandikirani, ndipo jambulani kusanatenthe. M'dera la Lake Malawi National Park musadule kanthu kuti muone bwino mwala. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo ili pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 1984.

Mabowo ndi malo amene kamera sinaone katatu: pamutu pa mwala, pansi pa denga la phanga, m'kati mwa mng'alu wakuya. Chenjerani ndi pulogalamu yotseka mabowo yokha. Imayala chikopa chosalala pamene panalibe chithunzi, ndipo wina akhoza kudzayezapo. Mu Metashape mangani mesh kamodzi Interpolation ili pa Disabled kuti muone chimene chinajambulidwadi. Pamutu pa mwala wamtali pang'ono, nsungwi ya mamita 3 kapena 4 yomangirirapo foni, yokhala ndi timer kapena batani la Bluetooth, imagwira ntchito. Drone ndi nkhani ina, ndipo imafuna chilolezo cha oyang'anira za ndege, komanso cha a paki ngati muli m'dera lawo.

Kukula kwake sikukudziwika, ndipo yagona chammbali

Ili si vuto la pulogalamu konse. Zithunzi pazokha sizinena kukula kwa chinthu, sizinena kumwamba, sizinena kumpoto. Modelo yopanda miyeso ndi yoonera basi. Ena amadalira GPS ya foni, koma ngati thanthwe ndi la mamita 10 ndipo GPS ikuphonya ndi mamita 3 mpaka 5, makamaka pa kukwera, modelo idzapendekeka ndipo kukula kwake kudzakhala kongoyerekeza. GPS ya foni ikuuzeni kumene thanthwe lili pa mapu. Isakuuzeni kukula kwake.

Nyundo kapena cholembera choikidwa pamwala, monga timachitira pa chithunzi wamba, n'chachifupi kwambiri. Mukaphonya ndi mamilimita 3 pa cholembera cha masentimita 15, mwaphonya ndi 2 peresenti, ndiye kuti masentimita 40 pa khoma la mamita 20. Kuphonya komweko pa mtunda wa mamita 5 n'kosaoneka n'komwe. Ikani zizindikiro zotalikirana, makatoni olembedwa mtanda wakuda opanikizidwa ndi miyala, n'kuyeza pakati pake ndi tepi yokoka bwino. Miyeso ikhale itatu kapena inayi, yoloza mbali zosiyana. Umodzi musauuze pulogalamu. Usungeni kuti mudzayesere modelo ikatha. Ukagwirizana ndi tepi, mukhoza kukhulupirira zinazo. Zizindikiro ziikidwe musanajambule chithunzi choyamba ndipo zisasunthe. Kumene kuli anyani, monga ku Otter Point, wina aziziyang'anira.

Za kumwamba ndi kumpoto, zida za amisiri omanga nyumba zimakwanira. Tengani thabwa lathyathyathya, jambulanipo ngodya yowongoka yokhala ndi mikono ya masentimita 60 ndi 80. Mzere wolumikiza nsonga zake ukakhala mita imodzi ndendende, ngodya ili bwino. Ligonekeni patsinde pa thanthwe, liwongoleni ndi levulo mbali zonse ziwiri, ndipo mkono wa 80 uloze kumpoto ndi kampasi, wa 60 kummawa. Mwapeza madontho atatu odziwika (manambala ake ndi mamita a kummawa, kumpoto ndi kumwamba): pangodya ndi 0, 0, 0, nsonga ya kummawa ndi 0.6, 0, 0. Ya kumpoto ndi 0, 0.8, 0. Mu CloudCompare, chida cha Align cha point pairs picking chimalola kulemba manambalawa, ndipo modelo imaimirira ndi kuloza koyenera. Izi zimakwanira pathanthwe la mamita ochepa. Pa lalitali, kupendekeka pang'ono kwa thabwa kumakula ndi mtunda, ndiye gwiritsani ntchito payipi yoonekera m'kati yodzaza madzi, imene amisiri amalinganizira maziko, kuti muike zizindikiro zitatu zotalikirana pa msinkhu umodzi, zosakhala pamzere umodzi. Panyanja, tsiku la bata, mzere wa madzi pamwala umagwira ntchito yomweyo: sankhani madontho atatu ozungulira mwala kapena gombe lokhota, n'kugwiritsa ntchito chida cha Level. Koma mzerewo ndi wa tsiku limenelo lokha. Nyanja imakwera ndi kutsika chaka chilichonse, ndipo mu 2024 inakwera mpaka kumiza magombe ndi nyumba za m'mphepete.

Kampasi imaloza kumpoto kwa maginito, kumene kuno kumasiyana ndi kumpoto kwenikweni ndi madigiri ochepa chakumadzulo. Lembani kuti mwagwiritsa ntchito kumpoto kuti. Ndipo musachoke osayeza ndi kampasi ming'alu iwiri kapena itatu pamwala penipenipo. Mukadzayeza yomweyo mu modelo ndi chida cha Compass cha mu CloudCompare, mudzadziwa ngati modelo yaimirira bwino.

Zindikirani kuti scale bar ndi ma marker, zida zouzira pulogalamu miyeso ndi zizindikiro zanu, zili mu Metashape Professional yokha. Ngati muli ndi Standard kapena Meshroom, yezani mtunda mu modelo, gawani muyeso wa tepi ndi nambala imeneyo, ndipo yankho lake liikeni pa Multiply/Scale mu CloudCompare.

Modelo ikagwera kutali ndi malo ake pa mapu, ndi mamita oposa 100, onani datum, maziko amene manambala a malo pa mapu amawerengedwerapo. Pa manambala a mapu a UTM, Mangochi ili mu zone 36 South. GPS imapereka WGS 84, pamene mapu akale a dziko lino ambiri ali pa Arc 1950. Manambala a UTM ndi aakulu, choncho CloudCompare ikafunsa za Global Shift vomerani. Mukakana, timadontho timayamba kuima m'mizeremizere.

Kompyuta ikuima kapena kuzima

Meshroom ikafiira pa DepthMap, kawirikawiri ndi chifukwa choti kompyuta ilibe graphics card ya NVIDIA. Gawo limenelo limafuna CUDA, imene imapezeka pa ma card a NVIDIA okha. COLMAP nayonso imafuna zomwezo pa point cloud yodzaza. Meshroom ili ndi njira ya draft meshing yodumpha gawoli, koma chotuluka chake n'chosalongosoka kwenikweni. Metashape imayenda ngakhale popanda card yotere, pang'onopang'ono, ndipo ili ndi masiku 30 oyesera. 3DF Zephyr Free imalola zithunzi 50 zokha, zimene zimakwanira mwala umodzi waung'ono.

Ikamatha memory, musanadandaule za laputopu dzifunseni kuti mukufuna kuona chiyani. Kamera ya sensor yotambalala mamilimita 23.5 ndi ma pixel 6,000, yokhala ndi lenzi ya 24 mm, pa mtunda wa mamita 10 imapereka pixel imodzi pa mamilimita 1.6 a mwala. Pa Medium, Metashape imachepetsa chithunzi kanayi mbali iliyonse pomanga depth maps (mapu a kuya kwa chithunzi chilichonse), ndiye dontho limodzi pa mamilimita 6 kapena 7. Poyeza kupendekeka kwa ming'alu yotalika mita, zimenezo n'zokwanira ndithu. Ultra High ndi ya amene akufuna kuwerenga timizere ta pa Mwala wa Mphini, thanthwe la mizere ngati mphini la pafupi ndi Cape Maclear, ndipo ngakhale iwo angachite bwino kungoyandikira ndi kamera. Alignment ikhale pa High. Pochepetsa ndi pa gawo lodzaza. Chepetsaninso bokosi la region kuti ligwire thanthwe lokha, osati phiri la kuseri. Sungani ntchito gawo lililonse likatha chifukwa cha magetsi, ndipo laputopu ikhale pamalo opita mphepo. Kutentha kwa Novembala kumaichedwetsa kapena kuizimitsa.

Mukaganiza zobwerera

Pobwerera kukatseka mpata, musangojambula zithunzi zisanu za pampatapo. Fikani pa ola limene munajambula poyamba, ndi kamera yomweyo, ndipo yambirani mamita angapo m'kati mwa gawo limene linatuluka bwino, kudutsa pampata, mpaka kulowa m'gawo labwino la tsidya linalo. Ngati nyengo yasintha, udzu wamera kapena nyanja yakwera, jambulani lonse mwatsopano; kusakaniza Seputembala ndi Janyuwale kumabala mavuto oposa amene mukukonza.

Pamalo a mudzi yambani mwaonana ndi amfumu. Mlendo woyeza miyala ndi tepi amaganiziridwa kuti akusaka miyala ya mtengo wapatali, ndipo nkhalango zina zowirira pafupi ndi matanthwe ndi manda. Pa Mwala wa Mphini, umene ndi chipilala chotetezedwa ndi boma, musalembepo ndi choko kapena penti. Zizindikiro zikhale pansi pambali pake. Ndipo ngati n'kotheka nyamulani laputopu. Alignment ya Low pa zithunzi 150 imatha mukudya nkhomaliro ku Chembe, ndipo ngati pangodya paduka, boti likadali pagombe ndipo zizindikiro zanu zikadali pamalo pake.